Kuphunzira njinga yamoto ya m'misewu ya fumbi ku Dedza: yambirani pa bwalo la mpira

Mwana wa mlongo wanga atapeza ntchito ya ulangizi wa zaulimi kuno ku Dedza, anamuuza kuti pakutha pa miyezi iwiri akhale akudziwa njinga yamoto, chifukwa kumidzi komwe aziyendera minibasi sizifikako. Anabwera kwathu madzulo nkhope itagwa. "Malume, ine njinga yakapalasa yomweyi ndikafika pa mtsetse ndimatsika n'kumaikankha. Nanga yamotoyi ndiitha?" Ndinamuuza kuti aitha, koma sabata yoyamba yonse msewu sauona. Anaseka poyesa nthabwala. Atadzaona kuti Lachisanu lakwana tidakali pa bwalo la mpira, kuseka kunatha.

Ambiri kuno amaphunzira njinga tsiku limodzi. Mnzawo amawaonetsa pali giya ndi pali moto, azungulira kawiri kuseri kwa msika, mawa lake ali pa M1 atabereka munthu. Kuthamangitsa njinga sikuvuta, imathamanga yokha. Chovuta ndi kuyenda nayo pang'onopang'ono osagwa, ndi kuiimitsa pamene inuyo mwafuna. Mapiri a kuno amafunsa zimenezo basi. Ndiye zomwe ndalemba apa ndi zomwe tinachita ndi mtsikanayo, mwa ndondomeko yake.

Sankhani njinga yoti mutha kuidzutsa ikagwa

Njinga ya m'tchire, yomwe ogulitsa amati trail, simungaisokoneze ndi za kabaza. Ndi yaitali msinkhu, matayala ake ali ndi mano akuluakulu, tayala lakutsogolo ndi lalikulu kuposa lakumbuyo, mashoko ndi aatali, ndipo injini ili patali ndi nthaka kuti isamagunde miyala. Zomwe mudzaziona kwambiri ndi alangizi a zaumoyo, a zaulimi ndi ogwira ntchito m'mabungwe ndi Yamaha AG200, Yamaha DT125 ndi DT175, Yamaha XTZ125, ndi Honda XR125L kapena XR150L. Zonsezi zili pakati pa 125cc ndi 200cc, ndipo kwa wophunzira mphamvu imeneyi ndi yokwana. Zimalemera pakati pa makilogalamu 100 ndi 130, kuposa matumba awiri a feteleza. Kumbukirani kulemera kumeneku, chifukwa kugwa mudzagwa, ndipo pena mudzagwa kopanda munthu wokuthandizani.

Musanagwirizane ndi njinga iliyonse, ikhalireni. Zala za mapazi onse awiri zifike pansi. Ngati mukuchita kupendekera mbali imodzi kuti phazi ligunde nthaka, njingayo ndi yaitali kwa inu, ngakhale ikhale yokongola chotani. XTZ125 ili ndi tayala lakutsogolo la mainchesi 21, lomwe limadutsa bwino pa miyala ndi m'maenje. XR150L ili ndi la mainchesi 19. AG200 inapangidwira alimi, n'chifukwa chake ili ndi kaliyala kutsogolo ndi kumbuyo, sitandi mbali zonse ziwiri, ndipo tcheni chake ndi chotsekeredwa m'chikuto kuti chisamadye matope. Siithamanga, koma ndi yofatsa. Ine wophunzira ndimamusankhira imeneyi ngati ilipo.

Pali kusiyana kwina komwe kuno kumapiri kuli ndi ntchito. DT ndi ya two-stroke: imapsereza oyilo wa 2T pamodzi ndi petulo, ndipo oyiloyo ali ndi kathanki kakekake komwe muyenera kumakasuzumira. Kakauma, injini yatha. Komanso mukasiya moto pa mtsetse, injini ya two-stroke siigwira njinga kwenikweni, ntchito yonse imatsalira mabuleki. AG200, XTZ ndi XR ndi za four-stroke, ndipo mukasiya moto muli m'giya yaing'ono injiniyo imakubwezani yokha. Wophunzira amafunika thandizo limenelo.

Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, pitani m'mawa mukaipeze injini ili yozizira. Wogulitsa amene wakudikirani njinga itatentha kale ali ndi chomwe akubisa. Onani ngati mano a sipulokoti, chitsulo chozungulira chomwe tcheni chimayendapo, asongoka ngati minga, gwedezani masipoko, onani ngati mashoko akutsogolo akudontha oyilo. Four-stroke yotulutsa utsi wa buluu ikudya oyilo. Kenako yerekezani nambala ya pa felemu ndi ya pa injini ndi zomwe zili m'mapepala. M'malire muno, kuchokera pa Dedza kukafika ku Biriwiri, njinga zotchipa zopanda mapepala sizisowa. Kutchipa kwakeko kumathera pa lodibuloko yoyamba.

Mapepala ndi zovala

Layisensi imachokera ku Directorate of Road Traffic and Safety Services, ndipo a kuno ambiri timapita ku ofesi za ku Lilongwe. Mumayamba mwalembetsa n'kutenga khadi, mulemba mayeso a malamulo a pamsewu, akupatsani layisensi ya wophunzira, kenako mudzayesedwa kuyendetsa. Samalani gulu la layisensi: A1 ndi ya njinga zosapitirira 125cc, A ndi ya zazikulu kuposa pamenepo. Ndiye ngati kuntchito akupatsani AG200, yomwe ndi 196cc, kapena XR150L, mukufunika A. Njinga nayonso ikhale yolembetsedwa, ya nambala ndi inshuwalansi.

Chipewa cholimba chija ndi lamulo, koma chimagwira ntchito pokhapokha lamba wake atamangidwa pansi pa chibwano. Chongokhazika pamutu chimafika pansi inu musanafike. Mapatapata ayi, valani nsapato zokwirira akakolo. Ekizozi imawotcha, ndipo zipsera za pa katumba zomwe mumaziona kwa okwera kabaza zimachokera pamenepo, choncho thalauza likhale lalitali ndi lolimba. Amayi, chitenje chakupha n'chomwe chikulendewera pafupi ndi tcheni kapena masipoko. Valani thalauza mkati, chitenjecho mukamange mukafika.

Magolovesi musawaone ngati zodzikongoletsera. Boma la Dedza lili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu June ndi July mukanyamuka mamawa kulowera ku Bembeke, zala zimachita dzanzi musanathe makilomita asanu. Zala za dzanzi sizimva kilatchi, sizimva buleki.

Tsiku loyamba injini siilira

Pemphani bwalo la mpira kwa a hedi kapena kwa amfumu, pa nthawi yomwe ana kulibe. Pakhale posalala, popanda zitsa. Musakhale nokha.

Khalani pa njinga injini ili chete, muloweze zinthu zinayi. Dzanja lamanzere ndi kilatchi. Dzanja lamanja lili ndi ntchito ziwiri, kupotokola moto ndi kukoka buleki yakutsogolo. Phazi lamanzere ndi magiya. Phazi lamanja ndi buleki yakumbuyo. Mnzanu azitchula chimodzichimodzi mosokoneza, inu muzigwira osayang'ana pansi, mpaka manja ndi mapazi azipita okha. Pa njinga zambiri giya wani mumaponda pansi, nyutulo ili pakati pa wani ndi thu, ndipo zotsalazo mumakweza ndi chala. Koma njinga zina magiya ake anasanjidwa mwa mtundu wina, ndiye funsani mwini wake. Safunsa anadya phula.

Kenako tsikani, muikankhe. Imani kumanzere kwake, chiuno chitatsamira mpando, zala ziwiri zili pa buleki yakutsogolo. Pitani nayo kutsogolo, bwererani chambuyo, khotani. Apa ndi pomwe mumamva kuti buleki yakutsogolo mukaimbwandira handulo itakhota, njinga imafuna kugona. Ndi bwino kuzimva pano kusiyana ndi pa miyala.

Tsiku lomwelo igonekeni dala pa udzu, muphunzire kuidzutsa. Musaweramire ngati mukunyamula mtondo, msana muuthyola. Ikani njinga m'giya kuti isathawe. Ifulatireni, njutani, matako atsamire m'mbali mwa mpando, dzanja limodzi ligwire handulo ya pansi, lina ligwire chitsulo cha kumbuyo kwa mpando, muzikankha ndi miyendo uku mukubwerera m'mbuyo timasitepe ting'onoting'ono. Ngati yagwera kumanja, tambasulirani sitandi musanayambe, kuti isakapitirire kugwera mbali inayo. Mwana wa mlongo wanga ndi wochepa thupi, koma kachitatu anaidzutsa yekha.

Kuliza

Tsegulani kampopi ka petulo pansi pa thanki kakhale pa ON. RES ndi petulo wotsiriza wa pansi, ndipo amene amayenda pa RES masiku onse tsiku lina amadzakankha njinga kuchokera ku Mayani. Onani kabatani kofiira ka kumanja kuti sikali pozimitsa. Anthu aponda kiki mpaka thukuta chifukwa cha kameneka. Tsimikizani nyutulo pogwedeza njinga kutsogolo ndi kumbuyo, musangokhulupirira kagetsi kobiriwira. Ngati kwazizira kokani choki, kachitsulo kothandiza injini yozizira kulira, moto osaukhudza, mudinize sitata kapena muponde kiki kamodzi mwamphamvu mpaka pansi. Ikalira ipatseni mphindi ziwiri, ndipo choki mubwezeretse msanga. Kumtunda kuno mpweya ndi wopepuka, njinga za kabuleta zimamwa kale petulo wochulukirapo, ndiye choki mukachiiwala pulagi imada ndi mwaye, mawa n'kukana kulira.

Kilatchi: apa khalanipo masiku

Njinga yonse ili m'zala za dzanja lamanzere. Kokani kilatchi mpaka igunde handulo, pondani giya wani, mumva kuti kha. Mapazi onse akhale pansi. Moto musaukhudze n'komwe. Yambani kumasula kilatchi pang'onopang'ono, ngati mukutsegula chitseko cha chipinda momwe mwagona khanda. Koyamba palibe chomwe chichitike. Kenako mumva kulira kwa injini kukutsika, njinga n'kuyamba kukukokani. Pamenepo ndi pomwe kilatchi imagwirira. Musapitirize kumasula. Kokaninso, njinga iima. Masulaninso mpaka pomwe paja. Bwerezani kambirimbiri, njinga izingogwedezeka kutsogolo n'kubwerera, mpaka dzanja lidziwe malowo lokha.

Mukatero yambani kuyenda nayo mapazi akuponda pansi ngati bakha, kilatchi ili pomwe paja, kuchoka pa golo iyi kukafika pa golo inayo. Ana omwe akuonerera aseka. Asiyeni aseke.

Cholakwa cha aliyense n'chimodzi: njinga ikangoyamba kusuntha, mtima umati zatheka, dzanja n'kutaya kilatchi yonse kamodzi. Njinga imadumpha n'kuzima, kapena ngati moto unali wambiri, imathawa nanu. Mtsikana uja inamuzimira kasanu ndi kawiri motsatizana. Anatsika, misozi ili m'maso.

"Malume, njingayi ili ndi vuto."

"Ilibe. Ukafika pomwe yayamba kukoka, werenga mpaka katatu dzanja lili pomwepo, kenako umalize kumasula."

Anawerenga mokweza, modzi, wiri, tatu, n'kunyamuka bwinobwino mpaka kumapeto kwa bwalo, komwe anaiwala kuti kuima kumafunanso kilatchi. Inazimanso. Koma ulendo uno anaseka yekha.

Dzanja likakhazikika, wonjezerani moto pang'ono pokha pamene kilatchi ikugwira, n'kukweza mapazi pa zopondera. Chigongono chikhale chomasuka, ndipo mkono wamanja ukhale wotsika pa chogwirira, kuti njinga ikakukokani mwadzidzidzi thupi lisapotokole moto wochuluka. Chilichonse chikakusokonezani, kokani kilatchi. Injini ingakuwe bwanji, kilatchi ikakokedwa mphamvu siifika ku tayala. Mawu amenewa muwaloweze ngati pemphero.

Kuima, magiya ndi kukhota

Ikani mwala kapena botolo pakati pa bwalo, muziima tayala lakutsogolo lili pomwepo. Siyani moto, finyani buleki yakutsogolo ndi zala ziwiri pang'onopang'ono ngati mukufinya ndimu, pondani yakumbuyo nthawi yomweyo, kokani kilatchi njinga isanaime, phazi lamanzere pansi, lamanja likhalebe pa buleki. Handulo ikhale yowongoka poima. Pali anthu omwe amaphunzitsa anzawo kuti buleki yakutsogolo ndi yoopsa, osaikhudza. Amenewo akukunamizani: pa tala ndi yomwe imaimitsa njinga kwambiri. Choopsa ndi kuimbwandira, makamaka pa fumbi ndi pokhota.

Magiya savuta kilatchi ikadziwika. Siyani moto, kokani kilatchi, kwezani giya, masulani, bwezerani moto. Injini ikamakuwa ikufuna giya yaikulu, ikamatsokomola n'kumagwedezeka ikufuna yaing'ono. Potsitsa, tsitsani imodziimodzi.

Tsopano ikani mabotolo awiri motalikirana masitepe khumi ndi awiri, muzizungulira mojambula 8, m'giya wani, kilatchi ili pogwirira, phazi likukhudza buleki yakumbuyo pang'ono. Tembenuzani mutu wonse muyang'ane komwe mukufuna kupita. Njinga imalondola maso. Mukayang'ana botolo mugunda botolo, ndipo mawa mukadzayang'ana dzenje mudzalowa m'dzenje. Tsiku lililonse muziyandikitsa mabotolowo. Mukamazungulira kakhumi osaponda pansi, ndiye kuti bwalo mwamaliza.

Pa fumbi

Yambani ndi kamsewu kosalala kopanda magalimoto, nyengo ya chilimwe ngati n'kotheka. Khalani chakutsogolo kwa mpando, maondo atapana thanki, manja osaumitsa. Pa timiyala tayala lakutsogolo limavinavina, ndipo mukalimbana nalo ndi pomwe mumagwa. Lisiyeni lipeze njira. Chepetsani liwiro musanafike pokhota, njinga idakali chilili, osati muli kale m'kati mwa kona.

Phunzirani kuimirira pa zopondera, maondo atapindika pang'ono. Pa mabampu ndi pa miyala miyendo imasanduka mashoko ena, msana umapuma, ndipo mumaona patali. Yesani pa bwalo lomwe lija kaye, chifukwa poimirira giya ndi buleki zimapondedwa mwa mtundu wina.

Mchenga mudzaupeza mukatsikira ku Golomoti ndi ku Mtakataka. Lowani m'giya thu, thupi chakumbuyo, moto wosasinthasintha, maso kutsidya. Mukasiya moto pakati pa mchenga tayala lakutsogolo limamira n'kukuponyani. M'ngalande zokumbidwa ndi madzi kapena ndi ngolo, mukalowamo tsatani momwemo mpaka potulukira, musayese kukwera m'mbali mwake chopingasa.

Matope a katondo ndiye mayeso enieni. Mvula ikangowaza, dothi lofiira lija limaterera ngati sopo, ndipo limamatirira m'mano a tayala mpaka tayala kusalala. Pamenepo palibe manyazi: giya wani kapena thu, mapazi pansi, moto pang'ono, osachita chilichonse mwadzidzidzi. Matope akadzaza pakati pa tayala ndi madigadi, imani mutokose ndi kamtengo.

Chikweza ndi mtsetse

Pokwera, sankhani giya muli pansi. Kusintha giya pakati pa chikweza cha miyala ndi komwe kumazimitsa njinga. Thupi lipite kutsogolo, moto ukhale umodzimodzi, maso pamwamba. Injini ikayamba kufooka, kokani kilatchi pang'ono pokha kuti ipume, n'kumasulanso, monga munkachitira pa bwalo paja.

Ikakuzimirani pa chikweza, lamulo lija lokoka kilatchi siligwira: apa musakoke kilatchi. Ili ndi phunziro lomwe ambiri amaliphunzira pansi. Buleki yakutsogolo yokha siingagwire njinga pa chikweza cha fumbi, tayala limangokhwekhwereza chambuyo. Koma njinga yozima ili m'giya, kilatchi itamasulidwa, tayala lakumbuyo limakhala lomangika. Pendekerani mbali ya phiri, tsikirani mbali yomweyo, muitembenuze pang'onopang'ono, mubwerere pansi mukayambirenso. Ngati chikwezacho n'chochepa mutha kunyamukira pomwepo: phazi lamanja pa buleki yakumbuyo, lizani, moto pang'ono, masulani kilatchi mpaka njinga iyambe kukoka, ndiye muchotse phazi pa buleki.

Mtsetse ndi womwe unandigwetsa ine. Chinali chaka changa choyamba, mu February, ndikuchokera kumunda wa kachewere cha ku Bembeke. Mvula inali itangokata. Ndinkatsikira ku dambo, ndipo pofuna kusunga petulo ndinaika njinga pa nyutulo monga ndinkaonera anzanga. Liwiro linakula mosadziwika. Kutsogolo mbuzi inadumpha kuchoka m'chimanga, ine dzanja pa buleki yakutsogolo gwi! Sindikumbuka kugwa kwake. Ndimakumbuka ndili chagada m'matope ofiira, tayala lakumbuyo likuzungulira m'mwamba, petulo akudontha, chogwirira kilatchi chitathyoka, ndi gogo wina atasenza nkhuni ataima potero akuti, "Pepani bambo, mwapweteka?" Kupweteka kwenikweni kunali kukankha njinga mpaka pa msewu waukulu.

Ndiye pa mtsetse nyutulo ayi, ndipo kilatchi musaikoke n'kuisunga. Lowani m'giya yomwe mukanakwera nayo phiri lomwelo, wani kapena thu, injini izikubwezani. Thupi lipite kumbuyo, mikono ikhale yomasuka. Mabuleki onse awiri mofatsa, musanathamange, osati mutathamanga kale. Tayala lakumbuyo likayamba kukhwekhwereza, masulani buleki pang'ono lizungulirenso. Pa mitsetse yaitali ngati wa Khwekhwelere, potsika kuchokera pa Masasa kupita ku Golomoti, mukamangokanikiza mabuleki njira yonse amatentha n'kusiya kugwira. Msewu umenewu ndi wa tala, koma makona ake si a munthu wa mwezi woyamba. Dzaupiteni koyamba kukuwala, muli nokha pa njinga, wina wodziwa ali patsogolo.

Njinga ikagwa imakonda kukana kulira chifukwa petulo wasefukira m'kabuleta. Tsekani kampopi, dikirani pang'ono, mulize moto mutautsegula wonse popanda choki, n'kuusiya ikangolira.

Madzi ndi maulalo

Mtsinje musauwoloke ndi maso. Tsikani, lowani ndi ndodo, mumve pansi ngati pali miyala kapena matope. Madzi ofiira othamanga, kapena ofika m'maondo, adikireni. Mitsinje ya m'mapiri imadzaza msanga n'kuphweranso msanga. Ngati n'powolokeka, giya wani, moto wosadukiza. Mukatuluka mabuleki amakhala atanyowa, ndiye agwireni mopepuka mukuyenda mpaka aume. Njinga ikagwera m'madzi musailize, chifukwa madzi akalowa mu injini mukailiza imapindika zitsulo m'kati. Chotsani pulagi, muponde kiki madzi atuluke, ndipo oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka asinthidwe. Pa ulalo wa mitengo tsikani muikankhe.

Kulowa pa M1

Uku ndi komaliza. Sankhani Lamulungu m'mawa, osati tsiku la msika. Yendani kumanzere koma osati m'mphepete mwenimweni momwe tala ladyeka, chifukwa mukadzipanikiza kumeneko oyendetsa galimoto amaona ngati mwawapatsa mpata wokupitirirani pamene palibe. Nyali ikhale yoyaka ngakhale masana. Mathiraki opita ndi kuchokera ku chipata cha Dedza akamakudutsani amakankha mphepo kenako n'kukukokani. Panani thanki ndi maondo, musaumitse manja. Musanakhote kumanja yang'anani pa galasi, kenako mucheuke ndithu. Indiketa ya njinga siizima yokha, muzikumbuka kuizimitsa.

Pa Lizulu, pa Bembeke ndi pa Tsangano Turn-off anthu amadumpha msewu maso ali pa kabichi ndi tomato, minibasi zimaima paliponse, zitseko zimatseguka mwadzidzidzi. Lowani m'giya thu, zala zili pa buleki. Matayala a mano aja sagwira bwino tala lonyowa, ndipo nkhungu ya ku Dedza ikatsika simuona ngakhale thiraki yomwe ili pafupi. Ikakula, patukani kutali ndi msewu muime.

Musanyamule munthu kapena matumba miyezi yoyambirira, ngakhale akudandaulireni chotani. Mukadzayamba, katundu akhale pafupi ndi msana wanu, wolemera mofanana mbali zonse, womangidwa ndi mphira zolimba zomwe nsonga zake sizikulendewera ku tcheni. Thumba la kachewere lomangidwa kumapeto kwa kaliyala limapepukitsa tayala lakutsogolo, ndipo pa chikweza njinga imaimirira ngati mbuzi yofuna masamba.

M'mawa uliwonse

Musanalize, zungulirani njinga kamodzi. Finyani matayala, yesani mabuleki onse, onani oyilo njinga ili chilili pamalo osalala, yesani nyali ndi hutala. Kankhani tcheni ndi chala pakatikati: pa njinga zambiri zamtunduwu chimayenera kusewera masentimita awiri mpaka anayi, ndipo muyeso weniweni uli m'buku la njingayo. Cholimba kwambiri chimadya sipulokoti, chokhwefuka chimavuka pa mabampu. Mukayenda m'matope chitsukeni, chiume, muchithire oyilo.

Fumbi la mu October limapha injini kudzera pa fyuluta ya mpweya. Ya siponji itsukeni ndi palafini, muifinye osapotokola, iume, muipake oyilo pang'ono. Ya pepala siitsukidwa, imasinthidwa. Oyilo wa mu injini ine ndimasintha pa makilomita 1,000 aliwonse chifukwa cha misewu yomwe ndimayenda. Petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu tonse timamugula pamene pa filing'i pauma, koma muzimusefa ndi kansalu koyera. Njinga ikayamba kutsokomola mutangothira wotere, masulani kasikulu ka pansi pa kabuleta, madzi omwe adikha pamenepo atuluke.

M'kachikwama ka pansi pa mpando kapena ka pa kaliyala musasowe pulagi yapadera ndi sipanala yake, masipanala a 8, 10 ndi 12 pamodzi ndi yomasulira tayala, pulayala, sikuludilaiva, zitsulo zovulira tayala, zigamba ndi guluu, pampu, kawaya, ndi kaloko kolumikizira tcheni. Onjezanipo chogwirira kilatchi chapadera. Kuvula tayala ndi kumata chubu mukayesere pakhomo Loweruka lina masana, makaniko wa pa msika ali pambali panu akukuonetsani pomwe chitsulo chimatsinira chubu pobwezera.